Njira ya ku Mbalule: Mbiri ya Kaphunziridwe ka Ng'oma Kwathu

M'midzi ya Acewa ya m'cigawo ca Tete, kuyambira ku Angónia, Tsangano ndi Makanga mpaka ku Cifunde ndi Marávia, aliyense amadziwa kuti gule wamkulu sabvinidwa popanda mbalule. Mbalule ndiyo ng'oma imene imatsata mapazi a cilombo pabwalo. Cilombo cikaponda iyo imayankha, cikatembenuka iyo imatembenuka naco. Woomba mbalule akakhala wosadziwa, ngakhale cilombo caukali cimabvina ngati cadwala, ndipo amayi oyimba amayamba kuyang'anana. N'cifukwa cake kale mudzi wokhala ndi mzinda unkasamala kwambiri za munthu amene adzalandire ng'oma imeneyi mwini wake akadzakalamba.

Ine ndimagwira nchito pa wailesi ya m'dera kuno ku Angónia, ndipo kwa zaka zambiri ndakhala ndikuulutsa pulogalamu ya miyambo m'Cinyanja. Nchitoyi yandikhazika pamphasa ndi akuluakulu ambiri oomba ng'oma. Onsewo ndimawafunsa funso limodzi: munaphunzira bwanji? Zimene ndalemba pano ndi mayankho awo, pamodzi ndi mbiri ya dziko lathu imene inasintha kaphunziridweko. Za kudambwe sindizikhudza, pakuti zili ndi eni ake. Ndikamba za ng'oma zimene zimalira pabwalo pamaso pa aliyense. Abale athu Anyanja a ku Metangula ndi Cóbuè, eni ciwoda ndi mganda, adzatilembera okha mbiri yawo.

Ng'oma inali udindo

Pakati pa Amaravi ng'oma inali udindo wolemera. Ku Msinja, m'munsi mwa mapiri a Dzalanyama, pafupi ndi malire a lero a Malawi ndi Mozambiki, kunali kacisi wa mvula woyang'aniridwa ndi Makewana. Kumeneko kunkasungidwa ng'oma yopatulika yochedwa Mbiriwiri, ndipo woiomba anali munthu wa udindo wa Tsang'oma. Mwambo umanena kuti mvula ikakana kugwa, mlandu unkatha kugwera Tsang'oma mpaka kutaya moyo wake. Undi atasiyana ndi Kalonga n'kukakhazika likulu lake ku Mano, m'dera limene lero lili m'cigawo cathu ca Tete, anthu ake anapita ndi mizinda, zinamwali ndi ng'oma zawo.

Mu 1831 Monteiro ndi Gamitto ananyamuka ku Tete kupita kwa Kazembe, nadutsa m'midzi ya Amaravi ndi Acewa. Gamitto analemba za miyambo ya anthuwa m'buku limene linasindikizidwa ku Lisboa mu 1854. M'midzi imene anadutsamo munalibe sukulu ya m'kalasi, koma maliro, bona ndi cinamwali zonse zinkafuna oomba ng'oma, ndipo mudzi unkayenera kudzikonzera wokha anthu amenewa mbadwo ndi mbadwo. Mudzi wosowa wang'oma unkacita kukapempha kwa anansi, cinthu cimene mfumu iliyonse inkacita naco manyazi.

Makwerero ake

Akuluakulu amene ndaceza nawo anakulira m'midzi yotalikirana, koma njira imene anadutsa ndi yofanana. Nchito yoyamba ya mwana inali kunyamula. Gule akayandikira, tianyamata ndito tinkasenza ng'oma kupita nazo kubwalo, kutola udzu ndi mapesi, ndi kukoleza moto wowambira. Kuwamba ng'oma ndiko kuyandikiza cikopa kumoto kuti cikungike, ndipo pamafunika khutu. Ukacotsa msanga, ng'oma imalira mwaulesi. Ukacedwa, cikopa cimang'ambika. Mwanayo ankagogoda ndi cala, kumvetsera, kubwezanso kumoto, kufikira mwini ng'oma atagwedeza mutu. Ankaonanso mmene amamatira phula pakati pa cikopa kuti liwu litsike, ndi mmene amalicepetsera likaculuka. Motero asanaombe nyimbo ngakhale imodzi, ankadziwa kale liwu loyenera la ng'oma iliyonse.

Kenaka ankapatsidwa kang'oma kakang'ono, kamene kwina amati ndewele, kwina tete. Nchito ya kang'oma aka ndi kubwereza kaombedwe kamodzi osasintha, osafulumira, osacedwa, nthawi yonse imene cilombo cili pabwalo. Mkulu wina wa ku Domwe anandiuza kuti anakhala pa kang'oma kameneka zaka zitatu. Anati manja ankatupa, matuza n'kuphulika, koma cowawa koposa cinali kumva mbalule ikusewera pambali pako iwe osaloledwa kuitsanzira. Ukangokopeka n'kuwonjezera kako, nyimbo yonse imapendekeka, cifukwa ena onse aponda pa iwe.

Kaphunzitsidwe kake kanali ka mawu ocepa. Mwini luso ankayamba waomba ndi pakamwa, mwana n'kubwereza ndi pakamwa pomwepo, kufikira kaombedweko katakhazikika pa lilime. Cimene lilime lalephera, manja sangacikwanitse. Pena ankaima kumbuyo kwa wophunzira n'kumamuomba pamapewa kuti amve m'thupi pamene dzanja lamanja likugwera ndi pamene lamanzere likugwera. Pena ankamugwira m'mikono n'kuomba naye pamodzi. Mwana akalakwa pabwalo, wa mbalule ankangomuyang'ana. Akalakwanso, ankatambasula dzanja n'kugwira cikopa ca kang'omako, mnzake n'kukhalapo. Kucotsedwa pa ng'oma atsikana oyimba akuona kunali kokwana kuti mnyamata akayeserere sabata yonse.

Wokhazikika pa kang'oma ankakwera kupita pa mpanje, ng'oma yaitali ija, ndi pa gunda wa liwu lalikulu. Apa ankaphunzira kumvera anzake, kuti kuomba kwake kugwere m'mipata imene enawo asiya. Ankaphunziranso kuti cilombo ciliconse cili ndi ng'oma yake. Cadzunda, amene amayenda ngati nkhalamba, safuna kaombedwe ka Kapoli. Maliya ali ndi kake, Kasiyamaliro ali ndi kake. Njobvu imatuluka kamodzikamodzi, pa miyambo ikuluikulu ngati maliro a mfumu, moti wophunzira ankatha kuimva kangapo kokha pa unyamata wake wonse. Cimene wamva usiku umodzi ankayenera kucisunga m'mutu zaka zambiri.

Mbalule inkabwera potsiriza, ndipo tsiku lake silinkalengezedwa. Pa maliro kapena pa bona, usiku utapita, mwini mbalule akatopa ankangokodola amene wamuona kuti wapsa n'kumusiyira. Woyesa mayeso anali cilombo. Cikaima, n'kuyang'ana kwa oomba, n'kucoka pabwalo, ndiye kuti mnyamatayo abwerere pa mpanje. Cikabvina mpaka fumbi kukwera, palibe amene ankamuuza kuti wakhoza, koma pa gule wotsatira ankaitanidwa dzuwa likadalipo.

Amayi anali ndi makwerero awoawo. M'tsimba la cinamwali ng'oma zimaombedwa ndi amayi okha, moyang'aniridwa ndi anamkungwi. Mtsikana ankayamba ndi kuomba m'manja pa cimtali, ndi kusinja pa mtondo umodzi awiri kapena atatu, minsi ikulowa mosinthana osagundana. Amene waphunzira kuponya munsi mumpata wa mnzake sabvutika kupeza mpata wake pa ng'oma.

Nanga ankayeserera liti? Ndikafunsa cotero akuluakulu amaseka, cifukwa kunalibe tsiku loikika. Kubusa ankaomba pa nchafu, pa cipika, pa phale la mphika. Mwezi ukawala ana ankacita magule awo pabwalo ndi ting'oma todzipangira. Kuyambira pokolola mpaka mvula yoyamba kunkacitika bona ndi zinamwali m'midzi yoyandikana, moti m'cilimwe wophunzira ankaomba pa mwambo weniweni pafupipafupi. Luso linkakula cifukwa manja sankakhala tsiku osagunda kanthu.

Zimene zinadula njirayi

Angoni a Maseko atakhazikika ku Domwe ca m'ma 1870, anabwera ndi ngoma yawo yodalira mapazi, zishango ndi mawu. Midzi yambiri ya Acewa inalowa pansi pawo, komabe ng'oma za mizinda zinapitirira kulira. Pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la 1891 linaika malire pakati pa abale, koma wang'oma wa ku Dedza ankabwerabe kudzaomba pa maliro a ku Angónia.

Mabvuto aakulu anayamba m'zaka zoyambirira za m'ma 1900. Ansembe a Cijezuiti anatsegula mishoni ku Lifidzi, ndipo amishoni a Dutch Reformed anatsegula yawo ku Mphatso mu 1909, imene boma la Apwitikizi linatseka mu 1922. Mipingo yonse iwiri inkatsutsa gule wamkulu. Mwana wofuna ubatizo ndi sukulu ankauzidwa kuti asayandikire kubwalo. Mabanja anagawikana, wina kukalasi, wina kumoto wowambira ng'oma, ndipo nthawi zambiri mwana wa khutu lakuthwa ndi yemwenso mphunzitsi ankamufuna m'kwaya.

Cibalo ndi msonkho zinacotsa anyamata m'midzi. Ambiri anathawira ku mafamu ndi migodi ya ku Rhodesia. Tikayang'ana makwerero aja, tiona kuti ankacoka pa msinkhu womwe munthu amasamuka pa mpanje kupita pa mbalule. Ena anapita nalo luso lawo, n'cifukwa cake mpaka lero ku Zimbabwe kuli gule wamkulu pakati pa zidzukulu za anthu a ku Mozambiki, Malawi ndi Zambia. Kumudzi kunkatsala nkhalamba ndi tiana, pakati palibe wolandira.

Nkhondo yomenyera ufulu itakula m'cigawo ca Tete kuyambira mu 1968, boma la atsamunda linasonkhanitsa anthu a m'madera ambiri m'midzi yolonderedwa ndi asilikali, ya aldeamento. Akuluakulu a ku Makanga amakumbukira kuti kuomba ng'oma usiku kunali kudziitanira tsoka. Usikuwo ndiwo unali nthawi imene wophunzira ankapatsidwa mbalule koyamba.

Ufulu wa pa 25 Juni 1975 unabwera ndi nkhope ziwiri pa nkhani ya ng'oma. Boma latsopano linacotsa mphamvu kwa mafumu, ndipo miyambo ngati cinamwali inkachedwa obscurantismo, kutanthauza za mumdima. Komanso boma lomwelo linakweza magule ngati cuma ca dziko. Mu 1978 kunacitika cikondwerero coyamba ca magule a dziko lonse, ndipo mu 1979 kunakhazikitsidwa Companhia Nacional de Canto e Dança. Nyau inayamba kudziwika kuyambira ku Rovuma mpaka ku Maputo monga gule wa ku Tete. Nthawi imeneyi inatibweretsera liwu latsopano, ensayo, ndiko kusonkhana kuti muyeserere cifukwa tsiku lakuti kukubwera alendo kapena kuli mpikisano. Ensayo inathandiza kuti magule asafe. Inazolowezanso anthu kuti ng'oma imagwiridwa pokhapokha tsiku la cionetsero likayandikira, ndi kuti nyimbo imene kale inkatha usiku wonse ikwane m'mphindi zocepa.

Kenaka inafika nkhondo ya zaka 16. Ca m'ma 1986 anthu ambiri a ku Angónia ndi Tsangano anathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndipo pamene nkhondo inkatha, Amozambiki oposa 1 miliyoni anali ku Malawi. Ine ndinali mmodzi wa ana amene anakulira kumeneko. Pothawa munthu amanyamula mwana, mphika ndi bulangete. Ng'oma zinatsala m'midzi, zina zinapsa, zina zinadyedwa ndi ciswe. Ife tinkaomba zitini za mafuta ophikira a cithandizo. Akuluakulu ena anapeza malo pa mabwalo a Acewa a ku Dedza, poti gule ndi mmodzi, ndipo anabwerako ndi kaombedwe kosakanikirana ndi ka kumeneko. Koma ana a othawa kwawo sitinali oyamba kupatsidwa kang'oma pabwalo la eni mudzi. Pangano la mtendere litasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, tinabwerera kwathu tili anyamata odziwa nyimbo ndi khutu, manja osadutsa makwerero. Anzanga a msinkhu wanga amene lero amaomba mbalule bwino ndi owerengeka, ndipo ambiri mwa iwo anayamba mocedwa, atakwatira kale.

Ulemu unabwerera

Kuyambira mu 2000, lamulo la Decreto 15/2000 linabwezera mafumu malo awo pamaso pa boma. Mu 2004 maphunziro a pulaimale analandira ndondomeko yatsopano, yokhala ndi phunziro la nyimbo ndiponso currículo local, imene imapatula magawo 20 pa 100 alionse a nthawi kuti ana aphunzire za kwawo. Mu 2005 bungwe la UNESCO linalengeza gule wamkulu wa ku Malawi, Mozambiki ndi Zambia kukhala cuma ca anthu onse a pa dziko lapansi, caka comweco cimene timbila ya Acopi inalandira ulemu womwewo. Caka ndi caka, kumapeto kwa Ogasiti, magulu athu amapita ku Kulamba ku Mkaika, m'boma la Katete ku Zambia, kukabvina pamaso pa Kalonga Gawa Undi.

Zonsezi n'zabwino, ndipo lero wang'oma sabisalanso. Koma satifiketi ya UNESCO siphunzitsa mwana kuwamba cikopa. Pa nchito yanga ndimakumana ndi magulu a mitundu iwiri, ndipo kusiyana kwawo kumamveka ngakhale pa wailesi.

Magulu ambiri amasonkhana kutatsala sabata imodzi kuti kubwere mlendo wa boma kapena kuti mpikisano wa Festival Nacional da Cultura uyambe m'maboma. Mkulu mmodzi amaomba mbalule, ana amene apezeka tsikulo amagawiridwa ting'oma, caka camawa n'kubwera ena. Mkuluyo akadwala gulu limaima. Pena ndaona anthu akubvina nyimbo yojambulidwa pa fulashi, ikulira pa cimkuzamawu. Makina sangaone mapazi. Wobvina ndiye amakakamizika kutsata makinawo, ndipo kukambirana kwa mbalule ndi mapazi, kumene ndiko mtima wa gule, kumatha.

Gulu la mtundu waciwiri ndinalipeza m'mudzi wina kufupi ndi Ulongwe. Amakumana Lacitatu ndi Loweruka lililonse ana akaweruka kusukulu, kaya kuli mlendo kaya kulibe, ndipo amaphunzira cimtali ndi magule ena a poyera. Mkulu amene amawaphunzitsa anasunga lamulo lakale lakuti wobwera kumene ayambire kumoto. Ndinawajambula mawu m'mwezi wa Meyi, ndinabwereranso mu Okutobala, kenaka ndinamvetsera zojambula ziwirizo motsatizana. M'coyamba, nyimbo ikangoyamba kukoma, kang'oma kankathawa, liwiro n'kumakwera mpaka oyimba kupuma mobanika. Ili ndilo bvuto la wophunzira aliyense, cifukwa mtima ukakondwa manja amafulumira. M'caciwiri, ana omwewo anagwira liwiro limodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo mkuluyo anayamba kusewera pa ng'oma yake momasuka poti pansi panali polimba.

Amene anasintha kwambiri anali mtsikana wina wacete, amene mu Meyi ankangotayika. Amayi ake anandiuza kuti tsiku lililonse akamadikira pamzere wa pamjigo amaomba pa cigubu cake, mpaka anzake anamupatsa dzina. Panalinso mnyamata wa manja opepuka, amene mu Meyi aliyense akanati ndiye adzalandire mbalule. Iye ankabwera pokhapokha akamva kuti kuli alendo, ndipo ankafuna kuyambira pa ng'oma yaikulu. Mu Okutobala ankaomba monga mmene ankaombera mu Meyi, ndipo atakanizidwa mbalule anasiya. Paja akuluakulu anati ng'oma yoliritsa sicedwa kung'ambika. Mkuluyo anamva cisoni, koma sanasinthe lamulo. Anandiuza kuti akapereka mbalule kwa wosadziwa kugwira kang'oma, mawa sipadzapezeka mwana wobvomera kukhala pa kang'omako.

Pempho langa

Mbiri imeneyi ikusonyeza kuti mishoni, cibalo ndi nkhondo ziwiri zinatilanda cinthu cimodzi mobwerezabwereza, ndico zaka zimene mwana ankakhala pafupi ndi mwini luso, akuomba pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku. Lero palibe msilikali wotiletsa kuomba usiku, ndipo ana amene amayimba m'kwaya amaombanso ng'oma m'chalichi momwemo. Catsala n'cakuti ife eni ake tibwezere zakazo.

Kwa aphunzitsi, nthawi ya currículo local ilipo kale m'ndondomeko. Itanani mkulu wa ng'oma wa m'mudzi sabata iliyonse caka conse, ndipo mumulole aphunzitse mwa njira yake, kuyambira kumoto. Kwa mafumu ndi eni mizinda, dzifunseni kuti mbalule ya mudzi wanu ili ndi wolandira kapena ayi, ndipo ngati alipo, ali pa khwerero liti. Pa bona, usiku ukapita, mupatseni mpata ayese. Kwa makolo, mwana akamagogoda pa ndowa musamulalatire, mupezereni citini cake. Kwa ife a bungwe la cikhalidwe, tiyeni tijambule akuluakulu akadali moyo, ng'oma iliyonse payokha ndiponso zonse pamodzi, makamaka kaombedwe ka zilombo zimene zimatuluka kamodzikamodzi. Tisamalenso amisiri osema ng'oma ndi mitengo imene amasemera, cifukwa gulu la ana khumi silingaphunzire pa ng'oma ziwiri.

Ndipo kwa inu acinyamata amene mukufuna mbalule, mkulu wa ku Domwe uja anakhala zaka zitatu pa kang'oma kamodzi, ndipo pambuyo pake anaomba mbalule pa maliro a mafumu kwa zaka zoposa 40. Akuluakulu a msinkhu wake atsala ocepa m'midzi mwathu. Pitani kwa amene ali pafupi nanu cilimwe cino, mukamunyamulire ng'oma.